Lexus ndi Toyota yovala suti? Inde, ndipo si chipongwe

Ndakhala zii kwa masabata angapo chifukwa cha mulu wa mapepala ochonga, mundikhululukire. Lero ndabwera ndi nkhani ya galimoto, ngakhale mukudziwa kuti yanga ndi Corolla yokalamba yomwe imafuna kukankhidwa m'mawa wa June.

Sabata yatha kholo lina lidabwera kusukulu pa Lexus yakuda yonyezimira, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi tonse tidaunjikana pawindo ngati ana a Fomu 1. Mnzanga wina, amene sasowa chonena, adati: "Musatengeke nayo, imeneyo ndi Toyota yovala suti basi. Anthu amangolipira chizindikiro." Ena adaseka, ena adatsutsa, belu lidalira tisanamalize. Ine ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi, ndipo ndikufuna ndimuyankhe bwinobwino mnzangayu. Akunena zoona, Lexus ndi Toyota. Pomwe akulakwitsa ndi poganiza kuti mawu amenewo ndi onyoza. Maganizo anga ndi akuti Lexus yoyamba, LS 400 ya 1989, idagwedeza makampani a ku Germany chifukwa chakuti inali Toyota. Chomwe chidaikweza si zikopa za mipando kapena matabwa opukutidwa a m'kati, koma chizolowezi cha kufakitale chofufuza pomwe vuto layambira m'malo molivundikira. Ndipo tsiku lomwe Toyota idaiwala chizolowezi chimenechi, idalipira modula.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Toyota idalowa pamsika wa ku America mu 1958 ndi galimoto yotchedwa Toyopet Crown, ndipo idachita manyazi. Galimotoyo idapangidwira misewu ya ku Japan ya nthawi imeneyo, yokumbikakumbika ndi yoyendamo pang'onopang'ono. Itafika pamisewu ikuluikulu ya ku California inkatentha injini, inkanjenjemera, ndipo pamtunda inkachita wefuwefu. Pofika 1961 adali atasiya kuigulitsa kumeneko. Adabwerera kwawo n'kukakonza, ndipo Corona ndi Corolla zitabwera zinthu zidasintha. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 ndi mu 1979, anthu a ku America adathamangira galimoto zing'onozing'ono za ku Japan zosamwa mafuta ambiri. Zidagulidwa kwambiri moti makampani a ku Detroit adalira, ndipo mu 1981 boma la Japan lidavomera kuti lizitumiza ku America galimoto zosaposa 1.68 miliyoni pachaka.

Apa masamu ake ndi osavuta. Ngati akuikira malire a chiwerengero cha galimoto zomwe ungagulitse, phindu uyenera kulipeza pa galimoto iliyonse payokha, ndiye kuti ugulitse zodula. Panalinso china. Achinyamata omwe adagula Corolla ali pa koleji tsopano adali madokotala ndi maloya, ndipo akalemera ankasiya Toyota n'kukagula Mercedes-Benz kapena BMW. Toyota inkalera makasitomala, ena n'kumakolola.

Mu August 1983 wapampando wa kampaniyi, Eiji Toyoda, adaitanitsa msonkhano wachinsinsi wa akuluakulu ake n'kuwafunsa ngati angathe kupanga galimoto yapamwamba yolimbana ndi zabwino koposa padziko lonse. Ntchitoyo adaipatsa dzina lobisa lakuti F1. Musasokoneze ndi mipikisano ya galimoto ija, F ameneyu ankaimira mawu a Chingerezi otanthauza galimoto yotsogolera zonse za kampani. Idatenga zaka 6. Mudalowa mainjiniya 1,400, amisiri 2,300 ndi okonza maonekedwe 60. Adapanga galimoto zoyesera pafupifupi 450, ndipo ndalama zomwe zidapita ndi zoposa madola 1 biliyoni a ku America.

Chinthu choyamba chomwe chimandisangalatsa ndi chakuti sadayambe ndi kujambula. Mu 1985 gulu la okonza maonekedwe lidapita ku Laguna Beach, ku California, n'kuchita lendi nyumba pakati pa anthu olemera. Ntchito yawo inali kuona basi: anthuwa amadya kuti, amagula kuti, amaimika bwanji galimoto, amadandaula chiyani za Mercedes yawo. Ku Toyota mchitidwe umenewu amautcha genchi genbutsu, kutanthauza kupita wekha pamalopo kukaona chinthucho ndi maso ako. Kwathu kuno timati safunsa adadya phula. Crown ya 1958 inali phula lomwe adadya kale, ndipo sadafune kulidyanso.

Kenaka pakubwera munthu amene kwa ine ndiye mwini nkhani, injiniya wamkulu Ichiro Suzuki. Bamboyu adalemba zofuna zake, ndipo anzake atazimva adaganiza kuti mutu wake sukuyenda bwino. Ankafuna galimoto yothamanga makilomita 250 pa ola, kuposa Mercedes 420 SE ndi BMW 735i, koma yosamwa mafuta ambiri. Ku America kunali msonkho wapadera wa galimoto zoyenda mtunda wochepera mamailosi 22.5 pa galoni, omwe ndi pafupifupi makilomita 9.6 pa lita, ndipo iye sadafune kuti galimoto yake iulipire. Ankafunanso kuti m'kati mukhale chete, phokoso la madesibelo 58 okha pa liwiro la makilomita 100 pa ola, koma galimotoyo ikhale yopepuka. Kuti mumvetse, anthu awiri akamacheza mwachizolowezi mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60.

Taonani mmene zofunazi zimalimbirana. Njira yachidule yothamangitsira galimoto ndi kuika injini yaikulu, koma injini yaikulu imamwa mafuta. Njira yachidule yothetsera phokoso ndi kuunjika zotchinga m'zitseko, pansi ndi kuseri kwa injini, koma zotchingazo zimalemera, ndipo galimoto yolemera imamwa mafuta n'kuchepa liwiro. Ukakoka bulangete kuti ufunde mutu, mapazi amakhala pamtetete. Makampani ambiri amasankha mbali imodzi n'kuluza inayo. Suzuki adakana kusankha, ndipo kukana kumeneku ndi komwe kudawakakamiza kupita ku gwero la vuto lililonse.

Tiyambe ndi mphepo. Amene mudamvetsera phunziro la Physical Science mukukumbukira kuti kukankha kwa mpweya kumakula mofulumira kuposa liwiro. Ukachulukitsa liwiro kawiri, mpweya umakukankha kanayi, ndipo mphamvu yomwe injini iyenera kutulutsa kuti iugonjetse imachuluka ka 8. Choncho pa makilomita 250 pa ola mdani wamkulu ndi mpweya. M'malo mokuza injini, adasalaza galimoto. Magalasi adawaika molingana ndi thupi la galimoto kuti pasakhale mpata wokola mphepo, zogwirira zitseko adazilowetsa m'kati, ndipo kunsi, komwe palibe wogula amene amasuzumirako, adayalako zophimba zosalala. Nambala yoyezera mmene galimoto imadulira mphepo idatsika kufika pa 0.29, pamene galimoto za ku Germany zomwe inkalimbana nazo zinali pamwamba pa 0.30. Kusiyanaku kukuoneka kochepa papepala, koma kudabweretsa zinthu zitatu nthawi imodzi: liwiro, kusunga mafuta, ndi kuchepa kwa mluzu wa mphepo m'mawindo.

Tsopano injini, yomwe amaitcha 1UZ-FE. Ndi ya malita 4.0, masilinda 8 oikidwa ngati chilembo V, mavavu 32, yopangidwa ndi aluminiyamu kuti ipepuke, ndipo inkatulutsa mphamvu ya mahatchi 250. Mu injini ya masilinda 4 ngati ya Corolla yanga, kuphulika kwa mafuta kumachitika kamodzi pa theka lililonse la kuzungulira kwa shafuti yaikulu. Mu ya masilinda 8 kumachitika kawiri pa theka lomwelo, choncho mphamvu imabwera mosalala, osati mogundagunda. Koma V8 payokha si chozizwitsa, a ku America adali nazo kuyambira kalekale. Chatsopano chinali kulondola kwa kapangidwe. Kunjenjemera kwa injini kumachokera pa tinthu ting'onoting'ono: pisitoni imodzi yolemera pang'ono kuposa inzake, chitsulo chozungulira chomwe mbali ina yalemera, mpata wokulirapo pakati pa zitsulo ziwiri. Suzuki adafuna kuti mipata imeneyi ichepe kuposa mmene makina a kufakitale ankathera nthawi imeneyo. Jeffrey Liker, m'buku lake la The Toyota Way la mu 2004, akufotokoza kuti akuluakulu opanga injini adakana, ndipo Suzuki adawapempha kuti ayese kupanga imodzi yokha. Adaipanga, adaiyika m'galimoto, ndipo ataona mmene idakhalira phee, iwo omwe adayamba kufunafuna njira yopangira zikwizikwi zofanana nayo.

Chitsanzo china chomwe ndimachikonda ndi cha shafuti yopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo. M'galimoto zambiri shafuti imeneyi ili ndi magawo awiri olumikizana mopindika pang'ono, ndipo popindikapo pamatuluka kunjenjemera komwe umakumva pansi pa mpando. Ena amangowonjezera labala ndi kapeti wochindikala. Iwo adapendeketsa injini pang'ono chakumbuyo kuti injini, giyabokosi ndi shafuti zikhale pamzere umodzi wowongoka. Popanda kupindika, kunjenjemera kulibe poyambira. Giyabokosi nayo adailumikiza ndi kompyuta ya injini, moti ikamasintha giya injini imachepetsa mphamvu kwa kanthawi kochepa zedi kuti wokwera asamve kugunda. Pamalo pomwe phokoso silikadatheka kuthetsedwa, adagwiritsa ntchito malata awiri opyapyala okhala ndi utomoni pakati, omwe amameza kunjenjemera popanda kulemera kwambiri. Muone dongosolo lake: choyamba chotsa gwero, chotsala chokhacho ndiye utchinge.

Khalidweli silidayambe ndi Lexus. Toyota isanapange galimoto inkapanga makina owombera nsalu. Mu 1924 Sakichi Toyoda adamaliza makina omwe ankaima okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuwomba nsalu yolakwika. Maganizo omwewo adalowa m'mafakitale a galimoto, momwe wantchito wamba ali ndi ufulu wokoka chingwe n'kuitana thandizo, ngakhale kuimitsa mzere wonse, akaona cholakwika. LS 400 idapangidwira kufakitale ya Tahara, m'chigawo cha Aichi, ndi anthu okulira m'mwambo umenewu. N'chifukwa chake ndikuti mnzanga uja akunena zoona. Pansi pa suti pali Toyota, ndipo Toyotayo ndiye chinsinsi.

Galimotoyi idaonetsedwa koyamba ku Detroit mu January 1989 ndipo idayamba kugulitsidwa mu September chaka chomwecho. Mtengo wake unali pansi pa madola 40,000, pamene Mercedes 420 SEL inali yoposa madola 60,000. Otsatsa malonda adasanja matambula 15 a shampeni, ena pamwamba pa anzake, pa boneti, n'kuthamangitsa matayala pa makina oyesera mpaka kupitirira makilomita 200 pa ola, matambula osagwa. Pofika 1991 Lexus inali kugulitsa galimoto zambiri ku America kuposa Mercedes-Benz ndi BMW. Kwawo ku Japan galimoto yomweyi inkatchedwa Toyota Celsior, ndipo dzina la Lexus lidafika kumeneko mu 2005.

Koma chomwe chimandigwira mtima kwambiri si matambula a shampeni. Ndi zomwe zidachitika mu December 1989, patangotha miyezi itatu chiyambireni malonda. Eni galimoto awiri adadandaula. Wina adati kachipangizo kosunga liwiro popanda kuponda mafuta kadakana kuzima, wina adati chotengera nyali ya mabuleki ya pagalasi la kumbuyo chidapindika ndi kutentha. Anthu awiri okha, palibe amene adavulala. Dzina linali latsopano, opikisana nawo adali tcheru kudikira kuti aseke. Kampani ina ikadangokonza ziwirizo mwakachetechete. Lexus idaitanitsa galimoto zonse zomwe idagulitsa, pafupifupi 8,000. Ogulitsa ankakatenga galimoto kunyumba kwa mwini wake, kumusiyira ina yoti ayendere, kukonza, kutsuka, kudzaza thanki, n'kubweza. Kwa okhala kutali adatumiza amakaniko pa ndege. Ntchito yonse idatha m'masiku pafupifupi 20. Chomwe chikadakhala manyazi chidasanduka umboni wakuti anthuwa ndi odalirika. Kumeneku kunali kukoka chingwe chija, koma kunja kwa fakitale.

Tsopano ndisakhale ngati wogulitsa galimoto, otsutsa ali ndi mfundo zawo. Yoyamba ndi yakuti LS 400 idafanana kwambiri ndi Mercedes ya nthawi imeneyo pa maonekedwe, ndipo ndi zoona, siidabweretse nkhope yakeyake. Yachiwiri ndi yakuti okonda kuyendetsa ankati ndi galimoto yosasangalatsa, yachete mopitirira moti woyendetsa samva msewu. Ngakhale Akio Toyoda, mdzukulu wa woyambitsa kampani ya galimotoyi, adavomereza poyera kuti mawu akuti Lexus ndi yotopetsa adamupweteka ndipo adafuna kuwafafaniza. Yachitatu ndi yakuti ndi makampani ochepa omwe angathire madola 1 biliyoni pa galimoto imodzi n'kuigulitsa motchipa chotero, ndipo opikisana nawo adadandaula kuti mtengowo sunali wachilungamo. Zonsezi ndikuzivomera. Koma palibe mwa izo yomwe ikugwetsa mfundo yanga. Ndalama zokha sizikadawongola shafuti ija. Nissan idatulutsa Infiniti Q45 chaka chomwecho cha 1989, ya injini yamphamvu kuposa ya Lexus, koma siidafike pomwe LS 400 idafika pamsika.

Mfundo yolemera kwambiri yotsutsa Toyota ndi ina, ndipo ndi yomvetsa chisoni. Pa 28 August 2009, pafupi ndi San Diego, Lexus ES 350 idathamanga mosaimitsika chifukwa chopondera mafuta chidakodwa mu kapeti wa pansi amene sanali wa galimotoyo. Anthu anayi a banja limodzi adafa. Toyota idaitanitsa galimoto mamiliyoni chifukwa cha makapeti ndi zopondera zomata, ndipo mu February 2010 Akio Toyoda adakaonekera pamaso pa aphungu a ku America, komwe adapepesa n'kuvomereza kuti kampani idakula mofulumira kuposa mmene ikadathera kusamalira ubwino wa galimoto zake. Kafukufuku wa boma la America mothandizidwa ndi NASA adapeza mu 2011 kuti vuto silinali la kompyuta monga ambiri ankaganizira. Komabe mu March 2014 Toyota idalipira chindapusa cha madola 1.2 biliyoni itavomera kuti idasocheretsa anthu pa zomwe inkadziwa. Taganizani: kampani yomwe mu 1989 idaitanitsa galimoto 8,000 chifukwa cha madandaulo awiri, patatha zaka 20 idapezeka ikuvundikira. Kwa ine izi zikuonetsa kuti ubwino uja sudali m'dzina, kapena m'magazi a anthu a ku Japan monga ena amanenera. Unali chizolowezi, ndipo chizolowezi chimatha kutayika ngakhale kwa amene adachiyambitsa.

Ine LS 400 ndidaikwerapo kamodzi kokha, ndipo inali ndi dzina lake la kwawo, Celsior. Mmodzi wa inu, amene tsopano ali ndi galaja yake m'tauni, adali ndi ya kasitomala yomwe idabwera ngati zinzake zonse zakale za ku Japan, pa sitima mpaka Dar es Salaam kenaka pamsewu kudzera pa Songwe. Adandipeza ndikudikira minibasi, n'kuima. Nditakhala pansi ndidati, "Lizatu injini tizipita." Iye adaseka n'kuti, "Sala, ikulira kale." Ndidachita manyazi pang'ono, koma ndidayang'ana muvi wa injini ndipo unalidi m'mwamba. Galimotoyo inali ndi zaka zoposa 20. Ku America kuli LS 400 ina ya 1996 yomwe mtolankhani wa zagalimoto Matt Farah adaifikitsa pa mamailosi 1 miliyoni mu 2019, omwe ndi makilomita oposa 1.6 miliyoni. Ku South Africa nako amakaniko akhala akuchotsa injini za 1UZ m'galimoto zakufa n'kuziika m'ma Hilux, chifukwa thupi limatha injini ikadali moyo.

Kodi ndikuti mukagule? Ayi ndithu, makamaka inu aphunzitsi anzanga amene ndikudziwa zomwe timalandira. Mwana wanga wa galaja uja adandiwerengera mavuto ake. Ndi yotsika, ndiye pa misewu yathu ya kumudzi imakhula pansi. Malita 4.0 amafuna mafuta ngakhale injiniyo ipangidwe bwino chotani. Pampu ya chiwongolero ikakalamba imadontheza mafuta pa olitaneta n'kuiwononga. Sitata adaibisa pakati pa V, kunsi kwa mapaipi olowetsa mpweya, moti kuisintha ndi ntchito ya tsiku lonse. Tizipangizo ta m'kompyuta yake timatha ndi ukalamba, ndipo masipeyala ake sapezeka pamsika uliwonse ngati a Corolla. Nayonso ili ndi zofooka zake, ndipo galimoto yopangidwira misewu ya ku California siyingasanduke ya ku Nthalire chifukwa chakuti taikonda.

Chomwe ndikupempha ndi chaching'ono. Tikaona galimoto yonyezimira, tisafulumire kuigwadira, komanso tisafulumire kuinyoza. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo galimoto zambiri zodula zilidi choncho, suti yokongola pamwamba pa phokoso lovundikiridwa. LS 400 inali yosiyana chifukwa ntchito yaikulu idagwiridwa m'malo omwe wogula sadzawaona: kunsi kwa galimoto, m'kati mwa injini, pamzere wa shafuti, ndi pa tsiku lija lomwe adasankha kuvomera cholakwa anthu asanawakakamize.

Choncho achimwene a pawindo paja, mawa pa nthawi ya tiyi ndikuyembekezera yankho lanu. Mudati ndi Toyota yovala suti, ndipo ine ndavomera. Tsopano mundiuze galimoto ina ya 1989 yomwe munthu angakhalemo lero n'kupempha kuti alize injini yomwe ikulira kale. Tiyi ndi mandasi ndigula ine.